Lili Boulanger: Mafunso ndi Mayankho pa Moyo Wake ndi Nyimbo Zake

Anthu akamva nyimbo ya Lili Boulanger koyamba n'kuuzidwa kuti woipekayo anamwalira asanakwanitse zaka 25, mafunso awo sasiyana kwenikweni. Nawa amene amabwerabwera, kuyambira apafupi mpaka ofuna kufatsa.

Kodi Lili Boulanger anali ndani?

Anali wopeka nyimbo wa ku France. Anabadwira mumzinda wa Paris pa 21 Ogasiti 1893, ndipo anamwalira pa 15 Malichi 1918 ali ndi zaka 24. Dzina lake lonse linali Marie-Juliette Olga Boulanger, koma kunyumba ankangomuti Lili. Mu 1913 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto yoyamba ya Prix de Rome m'gawo la nyimbo, mpikisano umene unali utachitika zaka zoposa 100 opambana ali amuna okhaokha.

Nyimbo zake ndi zija zolembedwa papepala, noti iliyonse pamalo pake, kuti ena awerenge n'kuimba. Analemba za kwaya, za munthu mmodzi woimba motsatana ndi piyano, za vayolini, ndi za gulu lalikulu la zida zoimbira lija amati orchestra.

Kodi ndi yemwe uja anaphunzitsa Quincy Jones?

Ayi, ameneyo ndi mkulu wake, Nadia Boulanger, wobadwa mu 1887. Nadia anakhala ndi moyo mpaka 1979 ndipo anatchuka monga mphunzitsi. M'manja mwake munadutsa Aaron Copland, Astor Piazzolla, Philip Glass, Quincy Jones ndi ena ambirimbiri. Mukamva wina akutchula za Boulanger mphunzitsi, akunena Nadia. Akamanena za wopeka nyimbo, kawirikawiri ndi Lili.

Anakulira m'banja lotani?

M'banja limene nyimbo zinali ntchito ya kumtundu. Agogo ake aamuna ankaimba cello, agogo ake aakazi anali woimba wodziwika ku Opéra-Comique, nyumba ya masewero oimbidwa ya ku Paris. Bambo ake, a Ernest Boulanger, ankaphunzitsa kuimba pa Conservatoire ya ku Paris, sukulu yaikulu ya nyimbo m'dzikolo, ndipo nawonso anapambana Prix de Rome mu 1835. Inde, 1835: pamene Lili ankabadwa bambowa anali ndi zaka 77. Mayi ake, a Raïssa, anachokera ku Russia ndipo poyamba anali wophunzira wa a Ernest.

Bambowo anamwalira mu 1900, Lili ali ndi zaka 6. Imfayo inamukhala mumtima moyo wake wonse, ndipo nyimbo yake yaikulu koposa anaipereka pokumbukira iwo. Pakhomopo pankafikanso alendo otchuka a zoimba. Mmodzi wa iwo anali Gabriel Fauré, amene anazindikira Lili akadali kamwana kuti khutu lake limadziwa noti iliyonse pongoimva, popanda kuyerekeza ndi chida.

Ankadwala chiyani?

Ali ndi zaka 2 anadwala chibayo choopsa, ndipo thupi lake silinabwererenso mwakale. Kuyambira pamenepo matenda ankangomupezapeza, makamaka a m'mimba. Madokotala a nthawiyo ankati ndi TB ya m'matumbo. Ambiri amene awerenganso mbiri ya matendawo masiku ano amaganiza kuti anali matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn, amene pa nthawiyo anali asanapatsidwe n'komwe dzina. Mu 1917 anachitidwa opaleshoni, koma sinathandize kwa nthawi yaitali.

Tisaganize za munthu wongogona pabedi zaka 24. Matendawa ankabwera n'kupita. Akapeza bwino ankagwira ntchito mwakhama lodabwitsa, ankayenda maulendo, ankaseka ndi anzake. Akamugwiranso, zonse zinkaima.

Nanga anaphunzira bwanji nyimbo ali wodwaladwala chonchi?

Mwapang'onopang'ono, mosatsata ndondomeko ya ana ena. Ali wamng'ono ankaperekeza Nadia ku Conservatoire n'kumakhala phee kumbuyo, kumvetsera. Anaphunzira piyano, vayolini, cello, zeze ndi limba, nthawi zambiri kunyumba. Atafika zaka za m'ma 16 anatsimikiza mtima kuti akhala wopeka nyimbo ndipo akalimbirana Prix de Rome. Anayamba maphunziro apadera kwa Georges Caussade, amene anamuphunzitsa malamulo a kalukidwe ka mawu anayi ndi kagwirizanitsidwe ka manoti, kenako mu 1912 analowa m'kalasi ya Paul Vidal pa Conservatoire. Zimene anzake ankaphunzira zaka zambiri iye anazipanikiza m'zaka ngati zitatu.

Prix de Rome inali chiyani kwenikweni?

Inali mphoto ya boma la France kwa achinyamata aluso. Gawo la nyimbo linayamba mu 1803 ndipo mpikisanowo unatha mu 1968. Wopambana ankapita kukakhala ku Villa Medici mumzinda wa Rome, boma likumulipirira zonse, kuti azingopeka nyimbo osadera nkhawa za chakudya kapena lendi. Pobwerako ankapeza zitseko zotseguka: osindikiza nyimbo, nyumba za opera ndi magulu oimba ankamudziwa kale. Berlioz anapambana mu 1830, Gounod mu 1839, Bizet mu 1857, Debussy mu 1884. Maurice Ravel anayesa kasanu osapambana mphoto yoyamba, ndipo kulephera kwake komaliza mu 1905 kunabutsa mkangano waukulu m'manyuzipepala.

Kachitidwe kake kanali kowawa. Pa chigawo choyamba opikisana ankalemba fugue, nyimbo imene mawu osiyanasiyana amalowa motsatizana atanyamula mutu umodzi, komanso nyimbo yaifupi ya kwaya. Ochepa amene adutsa ankawabindikiritsa m'nyumba yachifumu ya ku Compiègne pafupifupi mwezi wathunthu, aliyense m'chipinda chake. Onse ankapatsidwa ndakatulo imodzimodzi, ndipo aliyense ankayenera kutulukamo ndi cantata yathunthu, sewero lalifupi loimbidwa ndi anthu atatu pamodzi ndi orchestra. Akazi anayamba kuloledwa kupikisana nawo mu 1903.

Zinayenda bwanji kuti apambane?

Mkulu wake ndiye anayamba kuyesa. Nadia anapikisana kangapo, ndipo patali pamene anafika panali pa mphoto yachiwiri mu 1908. Chaka chimenecho anautsanso mapiri pachigwa polemba fugue ya zida zoimbira pamene oweruza ankafuna ya mawu a anthu. Lili ankaona zonsezi ali pafupi. Anaphunzirapo mmene oweruza amaganizira, ndiponso kuti mkazi akalakwitsa pang'ono sadzamukhululukira.

Analowa mpikisano mu 1912 koma anadwala pakati n'kusiya. Mu 1913 anabwereranso. Pa chigawo choyamba analemba nyimbo ya kwaya yotchedwa Soir sur la plaine, ndipo m'bindikiro la ku Compiègne anatulukamo ndi Faust et Hélène, pa ndakatulo ya Eugène Adenis. Tsiku loweruza, mu Julayi chaka chomwecho, Nadia ndiye anakhala pa piyano. Mwa oweruza 36, okwana 31 anavotera Lili. Anali ndi zaka 19. Popeza chaka cha 1912 palibe amene anapatsidwa mphoto yoyamba, panali ina yotsalira, ndipo imeneyo inapita kwa Claude Delvincourt.

Ena amafunsa ngati oweruzawo anangomumvera chisoni poona mtsikana wofooka. Mvetserani Faust et Hélène nokha. Ndi nyimbo ya pafupifupi mphindi 30, yolemera, yomveka kuti mwini wake anamudziwa bwino Wagner, wopeka ma opera wa ku Germany, ndipo imasonyeza munthu wodziwa kugawa ntchito kwa chida chilichonse cha mu orchestra. Oweruza amenewa sanali anthu achifundo. Ndi bungwe lomwelo limene linakana Ravel.

Ndiye kuti iye ndi mkazi woyamba kupeka nyimbo ku France?

Kutalitali. Élisabeth Jacquet de La Guerre anali ataonetsa opera yake ku Paris kale mu 1694. Louise Farrenc analemba ma symphony atatu ndipo anaphunzitsa piyano pa Conservatoire zaka 30 kuyambira 1842. Cécile Chaminade ankagulitsa nyimbo zake za piyano ku England ndi ku America Lili akadali mwana. Ngakhale pa Prix de Rome yeniyeniyo, Hélène Fleury analandirapo mphoto yaing'ono mu 1904, ndipo m'gawo la zosemasema Lucienne Heuvelmans anapambana mphoto yoyamba mu 1911.

Chimene Lili anachita n'kutenga malo apamwamba pa mpikisano umene boma lenilenilo linkati ndiwo muyeso wa wopeka nyimbo weniweni, m'dziko limene akazi sanaloledwe kuvota mpaka 1944. Pambuyo pake ena anadutsa pakhomo lomwelo: Marguerite Canal mu 1920, Jeanne Leleu mu 1923, Elsa Barraine mu 1929.

Mphotoyo inasintha chiyani pa moyo wake?

Choyamba, ndalama. Kampani yosindikiza nyimbo ya Ricordi inasainirana naye mgwirizano womupatsa malipiro okhazikika. Kwa mkazi wodwala amene sakanatha kukhalira kuphunzitsa kapena kuimba pamisonkhano, limeneli linali phindu lenileni. Anatha kudziimira payekha ndi cholembera basi.

Za ku Rome sizinayende monga ankayembekezera. Anafika ku Villa Medici kumayambiriro kwa 1914, ndipo patangopita miyezi yochepa nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka. Anapitakonso mu 1916, koma matenda anamubweza asanakhalitse.

Nthawi ya nkhondo ankatani?

Anzake ambiri a ku Conservatoire anatengedwa usilikali. Mu 1915 iye ndi Nadia anakhazikitsa komiti yowathandiza, mothandizidwa ndi ndalama za anthu a ku America. Ankatumiza makalata ndi katundu kwa oimba amene anali kunkhondo, ankathandiza mabanja awo, ndipo ankasindikiza kanyuzipepala kosonkhanitsa makalata a asilikaliwo kuti aliyense adziwe kumene mnzake ali ndiponso ngati ali moyo. Ntchito imeneyi inamudyera nthawi ndi mphamvu zimene analibe zambiri. Komabe nyimbo zake zazikulu zinamalizidwa m'zaka zomwezi, 1916 ndi 1917.

Nyimbo zake zimamveka bwanji?

Amene amayembekezera tinyimbo tofewa ta mtsikana wodwala amadzidzimuka. Zofewazo zilipo, monga Nocturne ya vayolini ndi piyano ya 1911, ndipo m'menemo mumamveka fungo la Debussy ndi Fauré: manoti osathamangira kukafika pamathero, ongosinthasintha maonekedwe pang'onopang'ono. Koma Lili weniweni ali m'nyimbo za kwaya ndi orchestra, ndipo kumeneko amakonda mawu apansi, akuda, olemera. Amakonda limba, malipenga aakulu, ng'oma zikuluzikulu za timpani, ndi mawu a alto m'malo mwa soprano wowala. Amagwira noti imodzi pansi kwa nthawi yaitali pamene pamwamba manoti akukhulana osagwirizana, kenako amakweza zonse pamodzi mpaka kwaya ichite kufuula.

Ali ndi chizolowezi chinanso chogwiritsa ntchito masikelo akale a nyimbo za m'tchalitchi m'malo mwa awiri aja ozolowereka, major ndi minor. N'chifukwa chake nyimbo zake zina zimamveka zakalekale komanso zachilendo nthawi imodzi.

N'chifukwa chiyani analemba kwambiri pa Masalimo?

Anali Mkatolika wopemphera, ndipo Masalimo amene anasankha akunena zambiri za iye. Anatenga atatu: 24, 129 ndi 130.

Salimo 24, lija lonena kuti dziko lapansi ndi zonse za m'menemo ndi za Yehova, analipanga lalifupi, la mphindi ngati 4, loyamba mwamphamvu ndi malipenga, limba ndi ng'oma. Salimo 129 ndi la munthu amene wazunzidwa kuyambira ubwana wake koma omuzunzawo sanamugonjetse. Sipafunika kufotokoza chifukwa chake mawu otere anamukhudza munthu amene anayamba kudwala ali ndi zaka 2, ndipo nyimboyo ili ndi ukali, osati kudzimvera chisoni.

Salimo 130, lofuulira Mulungu kuchokera m'malo ozama, ndilo ntchito yake yaikulu. Mutu wake ndi Du fond de l'abîme, anaimaliza mu 1917, ndipo imatenga mphindi ngati 25. Ndi imene anaipereka pokumbukira bambo ake. Imayambira pansi penipeni, limba ndi zida za mawu a besi zikung'ung'udza moti poyamba simudziwa ngati nyimbo yayamba. Kwaya imalowa ngati anthu olankhula chamumtima, kenako pempho limakula. Pakati pamabwera alto woimba yekha, ndipo tenor amadzamulowa kwa kanthawi. Pali malo amene kuwala kumaoneka, pamene mawu akunena za chifundo ndi chiwombolo, koma Lili satsekera pamenepo. Amabwezera nyimbo kumdima kumene inachokera. Opeka ena akanamaliza ndi chigonjetso kuti omvera apite kwawo atasangalala. Iye anakana, ndipo kwa ine kukana kumeneku ndiko kumasonyeza kukhwima kwake kuposa china chilichonse.

Sanalekere pa Baibulo pokha. Vieille prière bouddhique ndi pemphero lakale la Chibuda lopempha kuti zolengedwa zonse zikhale pamtendere, zopanda udani. Anailemba pakati pa 1914 ndi 1917, anzake akuphedwa kunkhondo.

Ndiyambire pati kumvetsera?

Yambani ndi D'un matin de printemps. Ndi ya mphindi 5, yosangalala, yodumphadumpha, ndipo ilipo ya vayolini ndi piyano, ya chitoliro ndi piyano, komanso ya orchestra. Mukatero mverani inzake, D'un soir triste. Mutu wa nyimbo ziwirizi ndi wofanana kwambiri, koma m'yachiwiriyi waukoka n'kuulemeretsa mpaka kusanduka maliro. Zonse anazilemba mu 1917 ndi 1918, ndipo ndi zomaliza zimene analemba ndi dzanja lake.

Kenako Salimo 24, ndipo mukapeza nthawi yokhala chete, Salimo 130. Pa sipika ya foni chiyambi chake simungachimve n'komwe, choncho pezani mahedifoni.

Okonda mawu a munthu mmodzi ndi piyano afunefune Clairières dans le ciel, nyimbo 13 pa ndakatulo za Francis Jammes zonena za mwamuna wokumbukira mtsikana amene anachoka. Nambala 13 ankaikonda, poti dzina lakuti Lili Boulanger lili ndi zilembo 13.

Kodi kwaya ya kutchalitchi kapena kusukulu ingaimbe nyimbo zake?

Masalimo aja ndi ovuta ndipo amafuna zida zambiri. Koma pali nyimbo za kwaya ndi piyano yokha zimene analemba pokonzekera mpikisano, monga Hymne au soleil ya 1912, Les sirènes ya 1911 ndi Soir sur la plaine. Zimafuna oimba odziwa kuwerenga manoti, woimba piyano waluso, ndi wina wothandiza katchulidwe ka Chifalansa. Hymne au soleil ndiyo yosavutirapo, chifukwa mbali yaikulu mawu onse amayendera limodzi. Popeza mwini wake anamwalira kalekale, mapepala a nyimbo zambiri amapezeka kwaulere pa intaneti, pa tsamba la IMSLP.

Kodi nyimbo ya Pie Jesu anaipekadi ndi iye, kapena ndi Nadia?

Ndi yake. Kumayambiriro kwa 1918 anali atafooka moti sakanathanso kugwira cholembera. Banja linamuchotsa ku Paris, kumene mabomba ankagwa, n'kupita naye ku Mézy-sur-Seine. Kumeneko ankatchula manoti ali gone, Nadia akulemba. Choncho dzanja la papepala ndi la Nadia, ndipo m'pamene funsoli limachokera. Koma nyimboyo siifanana ndi zimene Nadia ankapeka, ndipo Nadia mwiniyo moyo wake wonse ankati ndi ya mng'ono wake.

Mawu ake ndi Chilatini cha pa Misa ya maliro, opempha Yesu kuti apatse akufa mpumulo. Ndi ya munthu mmodzi woimba pamwamba, zida zinayi za zingwe, zeze ndi limba. Limba limakwawa ndi timasitepe tating'onoting'ono, osapeza poima, mpaka chakumapeto pamene zonse zimamasuka pa mawu akuti Amen. Manoti ake amapita patali kuposa nyimbo zake zonse zam'mbuyo, kusonyeza kuti anali akusinthabe.

Pali zimene anasiya osamaliza?

Chachikulu ndi opera yotchedwa La princesse Maleine, yochokera pa sewero la Maurice Maeterlinck, amene anamupatsa chilolezo choti aliike m'nyimbo. Anaigwirira ntchito zaka zake zomaliza koma imfa inamupeza asanaitsirize.

Kodi Nadia anasiya kupeka nyimbo chifukwa cha imfa ya Lili?

Nkhaniyi imakambidwa motero kawirikawiri, koma siyophweka choncho. Nadia anapitirizabe kulemba pang'ono mpaka cha m'ma 1922. Iye ankadziweruza mwankhanza, ndipo anauzapo Fauré kuti nyimbo zake zinali zopanda ntchito. Anali atazindikira kalekale kuti mphatso ya mng'ono wake inaposa yake. Imfayo inangofulumizitsa chimene chinali kale m'njira.

Chimene sitingakane n'chakuti popanda Nadia nyimbo za Lili zikanaiwalika. Anaziimbitsa ku Ulaya ndi ku America, kumene anakhala mkazi woyamba kutsogolera Boston Symphony Orchestra mu 1938. Mu 1939 kunakhazikitsidwa thumba la Lili Boulanger Memorial Fund ku Boston lothandiza oimba achinyamata. Chaka chilichonse mwezi wa Malichi ankakonzetsa Misa yokumbukira mng'ono wakeyo m'tchalitchi cha La Trinité ku Paris. Ndipo Igor Markevitch, wotsogolera orchestra amene anajambula Masalimo aja pa mbale cha m'ma 1960, anali wophunzira wa Nadia.

Chikondi chimenechi chinali ndi mtengo wake. Nadia ankamufotokoza Lili ngati woyera mtima wovutika, ndipo chithunzi chimenecho chinaphimba mtsikana wanzeru, wofuna kupambana, amene anawerengera bwino njira yake yopita ku mphoto n'kusaina mgwirizano ndi Ricordi.

Akanakhala ndi moyo wautali akanafika pati?

Funsoli aliyense amafunsa, ndipo lili ndi msampha. Limatichititsa kuona nyimbo zimene zilipo ngati lonjezo chabe la zina zimene sizinabwere. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Du fond de l'abîme si ntchito ya wophunzira woti tidikire akule. Ndi nyimbo yokhwima, yoima payokha pakati pa nyimbo zazikulu za kwaya za ku France za nthawi imeneyo, ndipo inabwera Honegger, Poulenc ndi Messiaen asanalembe zawo zachipembedzo. Debussy, amene anamwalira patangopita masiku 10 Lili atamwalira, pa msinkhu wa zaka 24 anali asanalembe zambiri mwa zimene timamudziwira lero.

Anaikidwa kuti, ndipo pali malo omukumbukira?

Manda ake ali ku Montmartre mumzinda wa Paris, ndipo Nadia anaikidwa m'manda omwewo mu 1979. Banjali linkakhala pa nambala 36 mumsewu wa rue Ballu, ndipo bwalo laling'ono la pamphambano pomwepo tsopano limatchedwa Place Lili-Boulanger. Kumwamba nakonso kuli dzina lake: mwala wina woyenda mumlengalenga umene unapezeka mu 1927 unatchedwa 1181 Lilith pomulemekeza.